Nyumba ya malemu sigulidwa ngati mbuzi pa msika

Nthawi yogulitsa zokolola ikafika, mabasi ocokera ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke amatsitsa pa Intercity alimi amene amanga ndalama zao m'cikwama ndi colinga cimodzi, kugula kanyumba mu Lusaka. Maganizo amenewa ndi abwino. Mvula imanama ndipo mtengo wa feteleza umakwera, koma nyumba ya zipinda 4 mu Chawama kapena mu Kanyama imabweretsa ndalama ya lendi mwezi ndi mwezi, ndiponso mwana amene wabwera ku koleji amapeza pogona. Vuto ndi lakuti nyumba zambiri zochipa zimene zimatsatsidwa m'makomboni mwathu ndi za anthu amene anamwalira. Wotsatsa amakunong'onezani kuti ana a malemu afuna ndalama msanga, ndipo mukacedwa wina atenga. Lero ndifuna kukamba za liu limeneli lakuti msanga, cifukwa lasaukitsa anthu amene ndimawadziwa.

Mmodzi wa iwo ndi mlamu wanga, mlimi wa ku Katete. Anagulitsa cimanga ca zaka ziwiri, soya ndi ng'ombe ziwiri, nabwera kwa ine kuti ndimuperekeze kukaona nyumba mu Chawama. Mtengo unali K180,000. Wogulitsa anali mwana woyamba wa malemu, mnyamata waulemu ndithu, ndipo anatulutsa pepala la ku Local Court lomuika kukhala administrator, ndiye kuti woyang'anira cuma ca masiye. Ndinati tiyambe tafunsa kwa odziwa malamulo. Mlamu wanga anayankha kuti, "Alamu, musandicedwetse. Pepala la khoti ndaliona ndi maso anga, cidindo ciripo. Nanga mufunanso ciani?" Sindinalimbikire. Anapereka K120,000 tsiku lomwelo, ndipo mboni imene inasaina pa kalata ya mgwirizano ndine amene.

Patapita miyezi 5 kunabwera mtsikana kucokera ku Kabwe, mwana wa malemu kwa mai ena, amene sanauzidwe ciriconse. Mai wamasiye amene anali kukhala m'zipinda ziwiri za kumbuyo anakana kucoka, ndipo tinadzamva kuti lamulo liri kumbali yao. Mnyamata uja anali atagula kale minibasi ndi ndalamazo, ndipo minibasiyo inafa injini. Cino ndi caka cacitatu. Mlamu wanga alibe nyumba, alibe ng'ombe, ndipo nthawi zonse akabwera kudzamva za mlandu amalipira basi ndi ndalama ya nkhuku za mkazi wake. Akulu anati safunsa anadya phula. Phula limeneli tinadya awiri, pakuti nanenso ndimasowa poyang'ana ndikakumana ndi mlongo wanga.

Funso limene anthu amandifunsa kucokera nthawi imeneyo ndi lakuti, kodi zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti nyumba ya malemu ilembedwe m'dzina la wogula? Palibe loya woona mtima amene angakuuzeni tsiku. Cimene ndaona pa nkhani za anansi ndi za anzathu a ku chalichi ndi ici: banja likakhala logwirizana ndipo mapepala a nyumba ali bwino, muwerenge miyezi, kuyambira 6 mpaka caka cathunthu. Pakakhala mkangano, kapena mapepala akasowa, muwerenge zaka. Amene akulonjezani masabata awiri, kapena sadziwa njira yake, kapena afuna kudumpha zipata zimene lamulo linaika. Tiyeni tiziwerenge zipatazo kuti tione kumene nthawi imapita.

Cipata coyamba ndi banja leni-lenilo. Munthu akamwalira osasiya wilu, cuma cake cimagawidwa motsata lamulo la Intestate Succession Act la caka ca 1989. Lamuloli limapereka magawo 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, magawo 50 kwa ana, magawo 20 kwa makolo a malemu, ndi magawo 10 kwa ena amene anali kudalira malemuyo. Koma pa nkhani ya nyumba liri ndi mau apadera amene ogula ambiri sawadziwa. Nyumba ndi ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse, ndipo ufuluwo umatha pokhapo akakwatiwanso kapena kukwatiranso. Lamulo likati ana, limanena ana onse, obadwira m'cikwati ndi obadwira kunja komwe, ngakhale amene anali m'mimba pamene atate ao anamwalira. Mtsikana wa ku Kabwe uja sanabwere kudzapempha cifundo. Anabwera kudzafunsa za nyumba imene ndi yakenso. Kuti banja lotere likhale pansi, aitanidwe a ku Kitwe, a ku Lundazi ndi amene ali ku Johannesburg, agwirizane za munthu woyang'anira cuma, pamapita masabata kapena miyezi.

Cipata caciwiri ndi khoti, ndipo apa ndi pamene mlamu wanga anagwera. Pepala la ku Local Court limatuluka msanga ndipo ndi lochipa, n'cifukwa cake mabanja ambiri amathamangira kumeneko maliro akangotha. Koma pamene lamulo la 1989 linalembedwa, linaika malire akuti Local Court iziyang'ana cuma cosaposa K50,000, ndipo Subordinate Court cosaposa K100,000, m'ndalama za nthawi imeneyo. Mu 2004 khoti lalikulu koposa la Supreme Court linagamula kuti Local Court inalibe mphamvu yoika administrator pa cuma coposa malire amenewo. Pamene boma linacotsa maziro atatu pa kwacha mu January 2013, K50,000 ija inasanduka K50. Ndi nyumba iti mu George kapena mu Kalingalinga imene mtengo wake ndi K50? N'cifukwa cake maloya amatumiza nkhani za nyumba ku High Court, kumene kumatuluka makalata ochedwa letters of administration ngati panalibe wilu, kapena probate ngati wilu inalipo. Kumeneko amafuna cikalata ca imfa, ndandanda ya cuma conse ca malemu ndi malumbiro olembedwa. Ngati pali ana aang'ono, kapena wamasiye amene ali ndi ufulu wokhala m'nyumbayo, lamulo lifuna oyang'anira osacepera awiri, kapena ofesi ya boma ya Administrator-General. Pepala limodzi likalakwika, amabweza zonse kuti zikakonzedwe.

Cipata cacitatu ambiri sanacimvepo n'komwe. Kukhala administrator sikutanthauza kukhala mwini wake wa cuma. Administrator ndi wanchito wa banja. Nchito yake ndi kulipira ngongole za malemu ndi za maliro, kugawa zotsala monga mwa lamulo, ndi kuonetsa ku khoti mmene cuma cayendera akafunsidwa. Gawo 19 la lamulo lomweli limati ngati aona kuti m'pofunika kugulitsa katundu wa malemu, agulitse ndi cilolezo ca khoti, ndiponso m'njira yopezera mtengo wabwino koposa. Mu 2017 Supreme Court inatsimikiza kuti cilolezo cimeneci ciyenera kutengedwa malonda asanacitike, ndipo malonda ocitika popanda ico saima. Conco ngakhale wogulitsa ali ndi makalata eni-eni a ku High Court, funso lanu laciwiri likhale lakuti, "Nanga cilolezo ca khoti cogulitsira nyumbayi ciri kuti?" Kupempha cilolezo cimeneci ndi nkhani ina yapadera pa khoti, imene iyenera kupatsidwa tsiku lake pamaso pa woweruza.

Cipata cacinai ndi mapepala a nyumba, ndipo m'makomboni mwathu ndi pamene pali minga yambiri. Chawama, George, Kalingalinga ndi makomboni ena anavomerezedwa ndi boma pambuyo pa lamulo la nyumba la 1974, limene linabweretsa cikalata cochedwa occupancy licence ca zaka 30, coperekedwa ndi khonsolo ya mzinda. Lamulolo linalowedwa m'malo ndi lamulo lina la mapulani a mizinda mu 2015, koma zikalata zakale zikali m'masutikesi a anthu. Werengani nokha. Cikalata cimene cinaperekedwa mu 1985 cinatha mu 2015, ndipo ngati sicinakonzedwenso, banja liyenera kuyamba lacikonza. Ku Matero nkhani ndi ina. Nyumba za khonsolo zinagulitsidwa kwa okhalamo kuyambira mu 1996, nthawi ya a Frederick Chiluba. Ambiri a ogula a nthawi imeneyo anamwalira, ndipo ena mwa ana ao anatsatira. Mumapeza kuti amene wamwalira caka catha sindiye wolembedwa pa taitolo. Dzina limene liripo ndi la ambuye amene anaikidwa ku Chingwere zaka 20 zapitazo. Pamenepo pali maliro awiri oti akonzedwe ku khoti, loyamba la ambuye, kenaka la atate, ndipo pa nyumba ya ambuye pamalowanso atsibweni ndi azakhali onse amene anali ana a malemuwo. Nyumba zina ziribe cikalata ciriconse kupatula kalata ya aceyamani a cipani a kale-kale. Kalata yotere ingathandize ngati umboni, koma si taitolo.

Cipata comaliza ndi ca maofesi a boma. Ngati nyumba iri ndi taitolo ya ku Unduna wa za Malo, makalata a khoti aja ayenera kulembetsedwa ku ofesi ya Lands and Deeds pasanathe miyezi 12 cituluke. Kenaka pafunika cilolezo ca boma cosinthira dzina, ndipo lamulo la malo la 1995 limapereka masiku 45 kuti ciyankhidwe. Ngati cikalata ndi ca khonsolo, ulendo ndi wa ku Civic Centre. Konse kuwiri amayamba aona ngati pali ngongole za msonkho wa malo, ndipo nyumba za amasiye kawiri-kawiri zimakhala ndi ngongole ya zaka. Palinso msonkho wa ZRA wosinthira umwini wa malo, umene mu 2025 unakwera kucoka pa magawo 5 kufika pa magawo 8 pa 100. Pa nyumba ya K180,000 msonkho umenewu ndi K14,400. Lamulo limati wolipira ndi wogulitsa. Nanga ngati wogulitsa wadya kale ndalama zonse zimene munamupatsa, adzalipira ndani? Mudzalipira inu, cifukwa ndinu amene mufuna dzina lanu pa pepala.

Tsono maganizo anga ndi awa. Kucedwa kumeneku kumatopetsa, koma gawo lalikulu la iko linaikidwa dala, ndipo linaikidwa pa cifukwa cabwino. Ife amene tinakula lisanabwere lamulo la 1989, ndi m'zaka zotsatira pamene matenda anatha anthu m'makomboni, tikumbukira zimene zinali kucitika. Mwamuna aikidwa m'manda Lacisanu, Lolemba acibale abwera ndi loli, atenga bedi, mapoto ndi malata omwe, mai ndi ana atsala pa mphasa. Lamulo linacha khalidwe limeneli mlandu, ndipo wolanda cuma ca amasiye angathe kumangidwa mpaka zaka ziwiri. Apolisi anatsegula nthambi ya Victim Support Unit m'zaka za m'ma 1990 imene imathandizanso pa madandaulo otere. Zipata zimene zimacedwetsa wogula lero ndizo zimene zimachinjiriza mai wamasiye kuti asaponyedwe panja ndi mwana wa mwamuna wake. Wogula amene athandiza wogulitsa kudumpha zipatazo, ngakhale alibe mtima woipa, wagwira mwendo wa mbuzi yobedwa. Ndipo tisaiwale kuti tsiku lina nyumba imene tagula idzakhala nyumba ya malemu, ndipo amasiye adzakhala athu.

Ndidziwa zimene ena adzanena. Adzati zonsezi ndi za anthu a ndalama a ku Kabulonga, ife osauka loya tingamupeze kuti? Adzatinso banja logulitsa liri pa mavuto eni-eni, ana afunika ndalama za sukulu, mwini ngongole ali pakhomo, sangayembekeze caka. Mau awa ali ndi coonadi, ndipo sindiwapeputsa. Koma taonani masamu ake. Ndalama imene mlamu wanga anakana kupatsa loya sinafike ngakhale mtengo wa ng'ombe imodzi. Imene waononga pa mlandu ndi pa mabasi yaposa kale pamenepo, osawerengera K120,000 ija. Kwa amene alibiretu, kuli Legal Aid Board ya boma, ndipo kwa azimai ndi ana kuli National Legal Aid Clinic for Women. Mizere yake ndi yaitali, koma ndi yaifupi poyerekeza ndi zaka zitatu.

Za banja losowa ndalama, njira iripo. Mai wina wa mu mphakati wathu ku Mtendere, wogulitsa salaula, anafuna nyumba ya malemu pafupi ndi pamene akhala. Anauza ana a malemu kuti, "Ana anga, nyumba ndiifuna, koma sindifuna kudzakangana ndi ang'ono anu akadzakula." Anaitanitsa onse, pamodzi ndi mai ao, nasaina mgwirizano pamaso pa loya. Anapereka kagawo kakang'ono kokwanira kulipira za ku khoti ndi ngongole ya ku khonsolo, ndipo kanalembedwa kuti kadzacotsedwa pa mtengo. Zotsala zinakhala ku banki kufikira cilolezo ca khoti citatuluka. Panapita miyezi 11. Anthu anali kumuseka kuti nyumba idzapita ndi ena, ndipo zoona, panabwera wina ndi ndalama m'manja. Koma popeza onse anali atasaina, palibe mwana amene akanagulitsa yekha mobisa. Lero dzina la maiyo liri pa cikalata, ndipo amapatsana moni ndi banja lija pa msewu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Conco inu alimi anzanga amene mukonzekera ulendo wa ku Lusaka, musanamasule cikwama funsani zinthu izi. Dzina limene liri pa cikalata ca nyumba ndi la ndani? Musakhulupirire fotokope. Pitani nokha ku Civic Centre kapena ku Lands mukafufuze m'kaundula, pakuti kumeneko mudzaonanso ngati nyumbayo inaikidwa cikole pa ngongole kapena ngati wina anaikapo ciletso. Funsani ngati malemu anasiya mkazi kapena mwamuna, ndipo mukambe naye maso ndi maso, wogulitsa ali potero. Funsani anansi kuti malemu anali ndi ana angati, cifukwa anansi amadziwa zimene banja limabisa. Onani makalata a khoti ndi cilolezo cogulitsira. Ndalama yaikulu iperekedwe pa mapeto, kudzera ku banki, kuti pakhale umboni. Ndipo dziwani kuti malamulo a m'tauni ndi osiyana ndi a kumudzi. Munda wa pa malo a mfumu sugwa pansi pa lamulo la 1989, ndipo kumeneko mau a anyakwawa ndi mboni amalemera. Mu Lusaka cimene cimalemera ndi dzina lolembedwa m'kaundula.

Koma si bwino kuti katundu yense asenzedwe ndi wogula. Gawo lina la kucedwa liribe phindu kwa wamasiye kapena kwa wina aliyense. Ndi kucedwa kwa fayelo yosowa, kwa mau akuti mubwere mawa, kwa mai wokalamba amene akwera mabasi awiri kucokera ku Kanyama kuti akauzidwe cabe kuti walemba fomu yolakwika. Boma lionetsetse kuti malire a ndalama a makhoti aang'ono aziyendera pamodzi ndi mitengo ya nyumba, kuti kanyumba ka zipinda ziwiri kasamafune ulendo wofanana ndi wa famu ya ku Chisamba. Pa khoti liri lonse ndi pa ofesi iri yonse ya khonsolo m'makomboni papacikidwe cikwangwani ca m'Cinyanja ndi m'Cibemba conena mapepala ofunika, ndalama zake ndi masiku ake. Akalaliki a ku Local Court aziuza banja poyera kuti pepala limene apereka lifika pati, ndipo ngati pali nyumba aziwalozera koyenera. Njira yoongoka ikakhala yaitali kwambiri ndi yodula, anthu amapita kwa madobadoba, ndipo pamenepo ndi pamene amasiye ndi ogula amalirira pamodzi.

Mau omaliza apite kwa ife amene tiri ndi nyumba ndipo tikali moyo. Ambiri timaopa kulemba wilu poganiza kuti ndi kudziitanira imfa. Koma imfa siyembekeza kalata. Wilu imangofuna kuti ilembedwe, isainidwe ndi mwini wake pamaso pa mboni ziwiri zimene ziri pamodzi, ndipo mbonizo zisainenso. Ndi bwino kuti mbonizo zisakhale anthu amene adzalandirapo kanthu. Chulanimo ana anu onse, ndi aja amene akazi anu sawadziwa, popeza tsiku la maliro adzafika ndithu. Ngati nyumba imene mukhalamo ikali m'dzina la atate anu amene anamwalira kale, yambani caka cino kukonza, acibale amene adziwa mbiri yake akali moyo. Ngati occupancy licence yanu inatha, pitani mukaikonzetse. M'mabungwe athu a ku chalichi ndi m'makalabu a alimi timasonkha ndalama za bokosi ndi za nkhuni za pa maliro mokhulupirika. Tingapatulenso Loweruka limodzi pa caka kuitana munthu wodziwa malamulo kuti atiphunzitse zimenezi.

Sabata yatha mlamu wanga anagona kwathu pocokera ku khoti. Mlandu unasunthidwanso. M'mawa ndikumuperekeza ku basi anandifunsa ngati kuli munthu amene angafune ngolo yake, cifukwa ngolo yopanda ng'ombe ingoola pa bwalo. Ndinamulonjeza kuti ndidzafunsa.